Masiku Awiri Kuchoka ku Mulanje Kukafika ku Rumphi

Usiku wathawu ndinalota zinthu, abale anga, zoti mpaka pano sizikundichoka m'mutu. Ndasamba, ndapita kusukulu, ndaphunzitsa mapiriyodi awiri, koma mtima ukungogunda ngati ndathamangitsidwa ndi galu. Ndiye ndati ndikuuzeni, mwina pakati panu pali wodziwa kumasulira.

Kuti mundimvetse, ndiyambe ndi zenizeni. Amayi anga aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, anakwatiwa ku Rumphi kalekale ndipo akudwala kwambiri. Mwana wawo anaimba foni kuti ngati amayi akufuna kuwaona akadali ndi mpweya, tisachedwe. Awiriwa atha zaka zambirimbiri osaonana. Vuto ndi lakuti amayi nawonso akalamba, akakhala nthawi yaitali miyendo imatupa ngati mitsuko, moti za basi musanene n'komwe. Mwayi wake achimwene anga a ku Joni anatisiyira chigalimoto chawo chija chokhala ngati nyumba, chimene chili pabwalo pathu pano ku Mulanje. Mkati muli bedi, mbaula ya gasi, ngakhale kachimbudzi. Tinyamuka Loweruka likubwerali, ndipo woyendetsa ndine.

Ine mukundidziwa, ndine amene ndimalemba taimutebulo kusukulu kwathu. Ulendowu ndinaulembanso chimodzimodzi, ndi lula ndi pensulo, mabokosi ooneka bwino. Tsiku loyamba kukagona ku Kasungu, lachiwiri kulowa Rumphi dzuwa lisanapendeke. Kulonjera abale a m'njira ndinapereka mphindi khumi pakhomo lililonse, ngati buleki. Achimwene atamva anaseka pafoni, amvekere, "Ethel, chimenecho si kagalimoto kako kaja. Chimayenda ngati ng'ombe yokhuta. Lemba masiku anayi." Ine ndinawayankha kuti ulesi wa ku Joni ausiye konko.

Ndiye m'malotomo tanyamuka. Amayi agona pabedi kumbuyo, avala chitenje chawo cha kutchalitchi. Pepala langa ndalimata pafupi ndi chiwongolero. Limu yakale ya tayala la lole ija timamenya kusukulu ngati belu inali italendewera m'galimotomo, pamwamba pa sinki, ndipo sizinandidabwitse. Inkalira yokha nthawi ya bokosi lililonse ikatha.

Kenako tili pa rodibuloko. Ndatsitsa galasi, laisensi ili m'manja, koma wapolisi sanabwere kwa ine ayi. Anazungulira mpaka pachitseko cha m'mbali n'kunena kuti, "Odi kuno!" Amayi ali, "Lowani, lowani!" Munthu uja anavula chipewa, anavula nsapato, n'kukhala pampando manja ali pamaondo. Amayi akuti, "Ethel, tereka madzi, kwabwera alendo." Ine ndikuti, amayi, iyi ndi galimoto, tili pamsewu. Iwo akuti, "Ili ndi chitseko, ili ndi mbaula, ndi nyumba imeneyi. Unaona kuti mlendo akutuluka m'nyumba kukamwa kuli kouma?"

Abale inu, ndinatereka madziwo! Belu likulira, magalimoto kumbuyo andanda mpaka kuseri kwa phiri, ine ndikufunafuna shuga. Wapolisi asanamalize kapu yake, pachitseko pamveka odi wina. Mayi wina wadzabwereka sefa. Wina wadzapempha mchere pang'ono. Wina wangobwera kudzaona odwala, wamva kuti muno muli mayi a miyendo. Onse ankavula nsapato, moti pamsewu panadzaza nsapato ngati pakhomo pa maliro. Pamene timachoka dzuwa linali pamutu, ndipo bokosi loyamba lenilenilo ndinali ndisanalichonge.

Ndiye mwadzidzidzi tili kwa malume ku Ntcheu. Ndinawauziratu ndisanatsike kuti malume, tili ndi mphindi khumi zokha. Iwo anangoti "eya, eya," n'kuyala mphasa. Kulonjerana kunayamba. Anafunsa za munthu aliyense pomutchula dzina, ana, zidzukulu, mbuzi, mvula, mpaka anthu amene anamwalira ine ndili kamtsikana, ndipo amayi ankayankha mofatsa kuti onsewo ali bwino, kaya kuno. Belu linalira kachitatu malume ali pa mwana wachiwiri. Ndikuti tiimirire, ndangoona nkhuku yadutsa liwiro, akazi a malume ali pambuyo ndi mpeni. Amayi anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Nkhuku yayamba kale kuthamangitsidwa. Tikachoka pano tawatukwana." Nkhuku ija inazungulira nyumba, inazungulira nkhokwe, inalowa pansi pa galimoto, ndipo ulendo uliwonse ikazungulira, dzuwa linkatsika pang'ono. Sanaigwire. Anangoilowetsa m'galimoto yamoyo, pamodzi ndi matumba a mbatata ya kachewere ndi kabichi mpaka kudenga.

Kenako tikukwera chitunda cha ku Dedza. Phazi ndapondereza mpaka pansi, injini ikubuula, koma tikukwawa. Wakabaza anatipitirira atanyamula munthu wonenepa. Mayi wina wosenza nkhuni anatipitiriranso wapansi, n'kutembenuka, n'kundilonjera bwinobwino, mpaka kufunsa ngati kunyumba tasiya ali bwino. Ndinayang'ana chikwangwani cha pamsewu, makilomita a ku Rumphi achuluka kuposa mmene analili ponyamuka. Ndinayang'ananso, awonjezekanso. Apo foni inalira. Anali mwana wa amayi aang'ono, akufunsa kuti mwafika pati. Kuseri kwa mawu ake ndinkamva kupuma kwa amayi ake, kupuma kokoka, ngati munthu akutunga madzi m'chitsime chakuya.

Apa ndi pamene ndinapsa mtima, ndipo apa ndi pamene malotowa anayamba kundiopsa. Ndinaimirira galimoto ikuyenda, ndinapita kukakhoma chitseko chija ndi kiyi, kiyiyo n'kuika m'thumba. Ndinakoka katani imene imasiyanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinati basi, nyumba yatha, tsopano ndi galimoto.

Ndiye chinathamanga chigalimotocho! Lilongwe yense tinamudutsa ngati kamsika ka pamphambano. M'mbali mwa msewu abale anali atandanda, ena ndimawadziwa, ena nkhope zokha, atayala mphasa, atatulutsa mipando, ena atanyamula mabeseni a madzi osamba m'manja. Ankakweza manja. Ine maso patsogolo. Azakhali ena anachita kugwada pamsewu, ndinangowazemba ngati dzenje. Belu tsopano linkalira ine nditadutsa kale malowo, ndipo ndinkachonga mabokosi ndi dzanja limodzi, mtima uli mbee.

Amayi anaitana kuseri kwa katani. "Ethel, taima pang'ono ndiwongole miyendo." Ine ndinati, pa Mponela, amayi. Mponela anadutsa. Anaitananso, ndinati pa Kasungu, amayi, mpamene tikagone. Kufika pa Kasungu dzuwa likadalipo, ndiye ndinaganiza kuti tigoneranji, masiku awiri angathe kulowa m'tsiku limodzi. Ndinatenga labala n'kufufuta mzere wa pakati uja.

Kenako patsogolo ndinaona nthambi zamasamba zitaikidwa pamsewu. Nonse mukudziwa tanthauzo lake, pali maliro, woyendetsa aliyense amachepetsa liwiro, wa njinga amatsika. Ine, Ethel, mwana woleredwa bwino, ndinaponda nthambizo osachotsa phazi pamoto. Ndinamva zikuthyoka pansi pa matayala. Azibambo amene anakhala m'mbali mwa msewu anaimirira onse nthawi imodzi, osakuwa, osaloza chala, kungondiyang'ana. Mayo ine, manyazi amenewo ndikuwamvabe mpaka pano. Koma sindinaime.

"Ethel, miyendo." Pa Jenda, amayi. "Ethel." Pa Mzimba, amayi, tatsala pang'ono. Tinalowa m'nkhalango ya Chikangawa, nkhungu ili tolo, kuzizira kukulowa m'zala. Mawu a amayi anayamba kuchepa, ngati akuitana ali kutsidya la mtsinje. Kenako kunangoti zii. Ndipo ndikuuzeni chinthu chimene chikundiwawa kwambiri: ndinasangalala. Ndinati agona, tsopano ndiyendetse mwamtendere. Katani ija inali pafupi, kungotambasula dzanja ndikanaikhudza, koma sindinasuzumire ngakhale kamodzi.

Ndiye tafika ku Rumphi. Nyumbayo sindinaionepo chibadwire, koma ndinaidziwa. Ndinazimitsa injini, ndinachonga bokosi lomaliza, ndinayang'ana wotchi, ndafika nthawi isanakwane n'komwe. Ndinadziombera m'manja ndekha, zoona, ngati mwana wakhoza mayeso.

Amayi aang'ono anali ataima pakhomo. Munthu amene tinauzidwa kuti sakudzuka, anali atadzuka, atasamba, atavala duku latsopano, atagwira khoma ndi dzanja limodzi. Owonda ngati bango, koma akumwetulira. Pabwalo anali atasesa okha, tsache likadali m'manja. Sanandilonjere ine. Ankayang'ana chitseko cha galimoto, n'kufunsa kuti, "Achemwali ali kuti?"

Ndinati ali mkatimu, agona, dikirani ndiwadzutse. Ndinakoka katani.

Abale anga, bedi linali loyalidwa bwinobwino, bulangete lopindidwa. Mbatata zilipo. Kabichi alipo. Nkhuku ya malume yakhala phee pa pilo. Pansi pali nsapato za amayi, zija tinazidula pamwamba kuti mapazi otupa azilowa, zitaikidwa moyandikana. Amayi mulibe. Ndinatsegula kachimbudzi, ndinatsegula makabati, mpaka ndinasuzumira m'ketulo, misala yeniyeni. Chitseko chinali chokhomabe ndipo kiyi anali m'thumba mwanga.

Amayi aang'ono anafika pawindo, sindikudziwa anayenda bwanji. Anafunsa mofatsa, osakalipa, "Mwanawe, wawasiya pati?" Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule malo, koma malowo sindinkawadziwa. Kodi ndi pa Jenda? Kodi ndi m'nkhalango muja? Ndinayesa kukumbukira pamene ndinamva mawu awo komaliza, ndinalephera, chifukwa nthawi yonseyo ndinkamvetsera injini. Iwo anafunsanso, "Wawasiya pati? Ndiuze ndipite ndekha, ine ndilibe nthawi." Anasiya khoma lija n'kuyamba kuyenda kulowera kumsewu, mapazi ali osavala, akudzandira. Ine ndikufuna kukuwa kuti bwererani, mawu osatuluka, ndikufuna kuliza galimoto, kiyi sakulowa.

Ndinadzidzimuka ndikukuwa "Amayi!", kunja kutayera kale.

Ndinathamanga osavala ngakhale patapata. Ndinawapeza ali pakhonde, mapazi aviika m'beseni la madzi ofunda, akupinda zovala zoti akapatse mng'ono wawo. Ndinagwada n'kuwagwira miyendo, misozi ili chuchuchu. Iwo akuti, "Iwe, wapenga? Unditayitsa madzi." Sindinawauze. Ndingawauze bwanji kuti ndinawataya pamsewu ndipo sindinadziwe n'komwe? Anangondisisita kumutu n'kunena kuti, "Paja Loweruka eti? Usaiwale, pa Ntcheu tikaima. Malume ako sangamve kuti ndadutsa pakhomo pawo ngati mlendo."

Nditabwerera kuchipinda ndinapeza uthenga pafoni, wochokera ku Rumphi. Akuti kuyambira dzulo amayi aang'ono akukana chakudya, akungofunsa kuti galimoto yanyamuka kodi.

Ndiye ndi zimenezotu, abale anga. Ine za maloto sindidziwa, ndimadziwa masamu a sitandade seveni basi. Kodi akundichenjeza kuti ndichepetse liwiro, ndilembe masiku anayi ngati mmene ananenera achimwene, tizigona msanga, amayi aziwongola miyendo, tizilandira odi aliyense? Nanga tikakafika tsiku lachinayi n'kupeza anthu atakhala kale pabwalo, ndidzawayang'ana bwanji amayi kumaso? Kapena akundiuza kuti ndisadikirenso Loweruka, ndikapemphe kwa ahedi tinyamuke mawa? Amene mumadziwa kumasulira, ndiponso amene munayendapo msewu umenewu ndi munthu wokalamba, ndithandizeni lero lomwe, chonde. Ndili ndi mayi mmodzi amene sangathamange ndi wina amene sangadikire, ndipo onse awiri akudalira ine.