Dokotala Tinamusandutsa Mkamwini

Ku Lupembe tinadandaula zaka zambiri kuti chipatala chathu chaching'ono chilibe dokotala. Kenaka akuluakulu anagwirizana ndi chipatala chapaboma kuti madokotala amene akupitiriza maphunziro azibwera kudzaphunzirira pa ife. Matenda oti aphunzirirepo tinali nawo okwanira.

Oyamba sanachedwe. Dzuwa la ku Karonga linawawotcha, ndipo miyezi yawo itangokwana anathawa osacheuka. Wotsatira anali mnyamata wa ku Dedza, wamanyazi, wokonda mpunga wathu. Azimayi akutchalitchi anakhala pansi n'kupeza mankhwala oti ameneyu asachoke: mkazi. Mkaziyo anapezeka m'nyumba mwathu, mng'ono wanga, mphunzitsi wakupulayimale. Amayi ndiwo anatsogolera nkhaniyi. Ankamutuma kuchipatala ndi nthochi ngati kulibe ana ena otuma, ndipo pa ukwati anavina mpaka mpango kugwa. Dokotala atamaliza maphunziro anapempha kukhalabe kwathu. Mudzi wonse unatiyamika. Tinagwira dokotala, eti!

Chaka chotsatira amayi anandiitanira kuchipinda n'kundigwiritsa bere lawo lakumanzere. Munali chotupa cholimba ngati mwala. Ndinachita mantha.

"Tiyeni alamu akakuoneni lero lomwe," ndinatero.

"Iwe, mutu wako ukugwira? Ndikavule pamaso pa mkamwini? Munthu woti ndikakumana naye panjira ndimapatuka?"

Ndinakalipa, ndinalira, ndinanyengerera. Ayi ndithu. Anandiletsanso kuuza alamuwo kapena mkazi wawo, ati za thupi la apongozi sizilowa m'khutu la mkamwini. Anamwino anawaona mobisa n'kunena kuti izi n'zofunika dokotala. Ndiye alamu ankapima azimayi a mudzi wonse, akaweruka n'kudzadya mpunga pakhonde pathu, amayi atabisala kukhitchini. Zinkandipsetsa mtima, osati masewera.

Patapita miyezi anavomera kupita kuboma, komwe madokotala sadziwa mwana wa aliyense. Tinakwera minibasi, n'kukakhala pabenchi mpaka masana. Atatiitana tinalowa. Kalanga ine! Pampando panali alamu anga. Tsikulo anawatenga kuti adzaphunzitse madokotala atsopano, ndipo angapo anali ataima kumbuyo kwawo, maso pa ife.

Amayi anagwada chammbali, nkhope kukhoma, n'kupereka moni. Alamu anadzambatuka, manja kumbuyo.

"Amayi, kwagwanji?"

"Palibe, bambo. Tinabwera kudzagula mchere, ndiye ndati tikuoneni."

Nditangotsegula pakamwa, amayi ananditsina pantchafu mpaka misozi. Alamu anasangalala kwabasi. Anauza ophunzira aja kuti awa ndi apongozi awo, mayi amene sanadwalepo chiwadziwire. Anatiperekeza mpaka pageti, n'kuuza kondakitala kuti amayi akhale kutsogolo.

Chotupacho tinabwerera nacho ku Lupembe, amayi atachiphimba bwinobwino ndi chitenje.