Mbatatesi Zitatu Zotsala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, m'zaka zoyamba zija za matipate, pamene amayi anga anagonekedwa m'chipatala. Kwathu ndi ku Mpingu, ndipo bambo anga anali mkamwini pamudzipo. Asanakwatire anagwirapo ntchito yophika m'nyumba ya bwana wina ku Chitedze, choncho za kukhitchini ankazidziwa kuposa amayi ambiri. Ine zimenezi zinkandichititsa manyazi. Ndikapita ku mjigo, amayi ena ankandifunsa uku akutsinana: “Kodi Tiyamike, amayi ako andevu aja akuphikirani chiyani lero?” Ndinkangosenza ndowa n'kumapita, madzi akutayikira m'khosi.

Kuchipatalako amayi anatha masiku anayi osadya. Phala ankalavula, tiyi ankangomuyang'ana. Amayi aang'ono, amene ankawadikirira, anatumiza uthenga woti mankhwala akuwafooketsa chifukwa m'mimba mulibe kanthu, ndipo wodwalayo watchula chinthu chimodzi chokha chimene mtima wake ukufuna: zitumbuwa za mbatatesi, zimene bambo ankawakazingira nthawi imene ankawafunsira.

Mbatatesi kwathu sitinkalima. Bambo analawirira kumsika wapansi, ndipo dzuwa litakwera anabwera ndi mbatatesi zisanu ndi zitatu, anyezi mmodzi, kaufa ka tirigu ndi mafuta m'kabotolo. Mazira awiri anatenga kwa nkhuku yathu. Anaziika zonse m'lichero nati, “Tiya, izi usakhudze. Ndikabwereke njinga kwa akulu a mpingo, ndibwera pompano.”

Atangokhota kuseri kwa nkhokwe, ndinayamba kuganiza za kumjigo. Linali Loweruka, anthu anali pakhomo, ndipo fungo la mafuta silibisika pamudzi. Ndinaona kuti ndikakazinga ndine, palibe amene aseke. Ndiponso ndinali nditawaonerapo bambo kangapo, ndiye ndinkadziona ngati katswiri. Pa msinkhu umenewo kuonerera ndi kudziwa ndinkaziyesa chinthu chimodzi.

Ndinasenda mbatatesi zisanu, n'kuzikwecha pa chitini chimene bambo anachibowolabowola ndi msomali. Ndinathira mchere wambiri ndithu, dzira ndi ufa, kenako ndinapita kukakoleza moto. Pobwera ndinapeza zonse zada, zikusambira m'madzi amene sindinadziwe kumene achokera. Ndinathira mafuta m'chiwaya, ndipo osadikira kuti atenthe ndinakhuthuliramo masipuni asanu nthawi imodzi. Zinamata. Ndikati nditembenuze zinkaphwasuka, ndikati ndisonkhezere moto pansi pankapserera pamwamba pali paliwisi. Pomaliza m'chiwayamo munali chiphala chotuwa, chitamwa theka la mafuta.

Belu la njinga litalira panja, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Bambo anasuzumira m'khitchini, anayang'ana chiwaya, anayang'ana lichero, kenako anayang'ana ine. Ndinadikira mbama koma sinabwere.

“Unali ndi njala, mwana wanga?”

“Ayi, ababa.”

“Nanga?”

“Amakusekani kumjigo,” ndinatero ndikulira. “Amati ndinu amayi andevu.”

Bambo anati, “Zimenezo ndinazimva iwe usanabadwe. Tenga mbaula uike panja. M'muno muli utsi.”

Utsi unalimodi, koma ndikukhulupirira kuti sichinali chifukwa chake. Anayala mkeka pabwalo penipeni, pamene aliyense wodutsa ankationa, nakhala pansi n'kundipatsa mpeni. Zitatu zotsalazo anandiuza kuti ndisende mopyapyala, popeza tsopano khungu lililonse linali chakudya cha amayi. Nditakwecha, anatulutsa kansalu koyera, nakulungamo mbatatesizo n'kundipatsa kuti ndifinye. Ndinafinya mpaka manja anawawa, ndipo ndinati zatha. Iwo anapotokolanso kansaluko, madzi n'kutulukanso pafupifupi theka la kapu.

“Mdani wako ndi ameneyu,” anatero. “Madzi akatsala, chitumbuwa sichigwirana. Ndipo mchere umaitana madzi, ndiye uzithira pomalizira, chiwaya chili kale pamoto.”

Madziwo sanawataye msanga. Anawasiya m'mbale kuti adikhe, nawatsanula pang'onopang'ono, ndipo pansi panatsala zoyera zomata ngati ufa wonyowa. Zimenezo anazibwezera mu mbatatesi zija, nati ndizo zimamanga. Anakwecheramo anyezi, anaswera dzira lotsala, ufa sipuni imodzi yokha. Mafuta anawayesa poponyamo kachidutswa. Katangoyamba kulira, anandiuza kuti ndiike sipuni imodzi, ndiipsinje pang'ono kuti ikhale yopyapyala, ndiikenso ina patali, basi.

Dzanja langa linkathamangira kutembenuza. Bambo analigwira. “Chisiye. M'mbali mukafiira chidzachoka chokha pachiwaya.”

Nthawi imeneyi ndi imene anadutsa mayi Nasibeko, mmodzi wa oseka aja, ali ndi mtolo wa nkhuni. Anaima.

“Alamu, mwalowanso kukhitchini eti?”

“Eya, alamu. Achemwali anu akana kudya masiku anayi. Mwina izi alawako.”

Mayiwo anatula nkhuni, nakhala m'mphepete mwa mkeka n'kumaonerera. Patapita kanthawi anafunsa kuti kansaluko n'kachiyani, ndipo bambo anawafotokozera modekha monga mmene anandifotokozera ine. Nkhope yanga inali ikutentha, koma sipuni sindinaisiye.

Zinatuluka zitumbuwa zisanu ndi chimodzi, zazing'ono, zofiirira, zouma m'mbali. Bambo anakana kuziika m'mbale yovindikira, chifukwa nthunzi ikanazifewetsa. Anaziyala papepala m'kadengu n'kuphimba ndi nsalu yopyapyala. Anandikweza pakaliyala, kadengu kali pamiyendo panga, ndipo kutentha kwake ndinkakumva njira yonse.

Amayi tinawapeza atagona chammbali, milomo itauma. Ndinachita mantha ndi mmene anaondera. Amayi aang'ono anawadzutsa n'kuwatsamiritsa kukhoma. Ananunkhiza kaye, nanyema kachidutswa, natafuna nthawi yaitali. Tonse tinkawayang'ana kukhosi. Anameza. Ananyemanso. Anamaliza chimodzi, namwera madzi, nayamba chachiwiri.

“Zachepa bwanji, bambo a Tiya?” anafunsa ndi mawu otsika. “Paja inu mumadzaza mbale.”

Ndinayang'ana bambo. Bambo anati, “Lero wakazinga ndi mwana wanuyu. Wayamba ndi zochepa.”

Amayi anandigwira dzanja n'kumwetulira, koyamba chigonekedwereni. Tsiku limenelo anadya zitatu, ndipo m'mawa mwake analola phala. Anatuluka patatha mlungu umodzi. Za mbatatesi zisanu zija sanazimve, ndipo bambo analowa m'manda osazitchulanso.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo zitumbuwa za mbatatesi ndimakazinga bwino kuposa aliyense mumzere wa nyumba zathu, izi ndikunena mosadzichepetsa. Koma chimene ndinachimvetsa mochedwa si cha m'chiwaya. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti tsiku lija ndinkateteza ulemu wa bambo anga. Si zoona. Iwo analibe manyazi oti wina awatetezere. Manyaziwo anali anga, ndipo pofuna kuti pakamwa pa anthu patsekeke, ndinatsala pang'ono kuwononga chakudya chokhacho chimene amayi anga akanatha kumeza.