Voti Inatseka Lachiwiri

Zodwa Skosana anabadwira ku Emalahleni, kumene chovala ukachiyanika choyera umachianula chotuwa. Anamulera ndi azakhali ake, a Letta, amene ankagulitsa mandasi pageti la mgodi wa malasha mpaka mwanayo anamaliza sukulu. Lero Zodwa amagwira ntchito ku Sandton, pakampani yosunga ndalama za penshoni. Kampaniyo ili ndi masheya m'makampani ambiri, kuphatikizapo mgodi uja, ndipo mwini masheya amakhala ndi voti. Ntchito ya Zodwa ndi kulowetsa mavotiwo pakompyuta: inde kapena ayi. Sasankha iye. Amasankha ndi bwana wake, a Pillay.

Chaka chino eni masheya ena a mgodi uja anapempha kuti mgodiwo uziulula zonse zimene umatayira mumtsinje. A Letta anamva nkhaniyi kutchalitchi, ndipo bungwe lina linawapezera chilolezo chokalankhula kumsonkhano wa pachaka wa eni masheya, Lachinayi. Anamuimbira Zodwa foni kuti abwera ndi botolo la madzi a mumtsinjewo, kuti anthu a masuti awaone ndi maso asanavote.

"Bwana wakoyo umukhazike kutsogolo, avale ndi magalasi omwe," anatero akuseka.

Zodwa sanaseke. Ankadziwa chimene azakhali sankadziwa: makampani ngati yawoyi amatumiza mavoti kudakali masiku awiri. Anaopa kuwauza. Mayi ameneyu ankauza aliyense kuti mwana wake ali kumene zinthu zimagamulidwa.

Lachiwiri m'mawa Zodwa analowa mu ofesi ya a Pillay. Anawafotokozera za mtsinje, za ana a zidzolo m'miyendo, za mbuzi zokana kumwa. A Pillay anamvetsera ndithu, si munthu wouma mtima. Koma anati mwambo wa kampani ndi wakuti pempho likabwera koyamba sachititsa manyazi akuluakulu a mgodi pagulu. Amayamba akambirana nawo kumbali, ndipo za voti amadzaziona chaka chinacho. Isanakwane 12 koloko, Zodwa anadina "ayi" ndi chala chake.

Lachinayi a Letta anafika kumsonkhanoko atavala yunifolomu ya amayi a kutchalitchi. Anawapatsa mphindi zitatu. Anakweza botolo lija, madzi ake ofiirira ngati dzimbiri, ndipo holo yonse inati zii. Ena anaomba m'manja. Asanakhale pansi n'komwe, zotsatira zinaonekera pakhoma: pempho lagwa.

Popita kokwerera minibasi, azakhali anafunsa kuti anthuwo avota nthawi yanji, poti iwo sanaone dzanja ngakhale limodzi litakwezedwa. Zodwa akanatha kunamizira makina. Koma anaima pamsewu pomwepo n'kuwauza zonse: za Lachiwiri, za a Pillay, za chala chake.

Minibasi ziwiri zinadzaza n'kunyamuka.

"Ndiye unandisiya ndikulankhula ndi mipando, mwana wa mchimwene wanga?"

"Inde, azakhali."

Sanamukalipire, komanso sanamugwire dzanja monga amachitira potsanzikana. Anangomupatsira botolo lija.

"Chaka chamawa ndidzabwera Lolemba. Ili likandidikire patebulo pako."

Botololi lili pomwepo mpaka lero, pambali pa kompyuta. Likakhalitsa, dzimbiri limakhazikika pansi, madzi n'kumaoneka ngati akumwa. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse, a Pillay asanadutse, Zodwa amalikhutchumula.