Biti Yosadikira Munthu

Kwa Kabudula ukafunsa za a Simeon, anthu amayamba akufunsa kaye kuti, "Ati? A kiyibodi aja?" Ngati kuti munthuyo alibe munda, chonsecho fodya ndi mtedza amalima ngati wina aliyense. Kungoti kuyambira ali mnyamata akhala akuimbira kwaya ya amayi a Mvano. Kulikonse kumene amayiwo aitanidwa, kaya kumaliro, kaya kuchikondwerero cha makwaya ku Nsaru, a Simeon ankamangirira kiyibodi ndi batire la galimoto panjinga n'kumakankha pamchenga. Malipiro ake anali "Ambuye akudalitseni." Madalitsowo anachuluka ndithu, koma msana sunawamve.

Chaka chatha msanawo unakana. Kuchipatala anawauza kuti zonyamula zolemera asiye. Ndiye anaganiza zochita zimene makwaya ena akuchita masiku ano: kukonzeratu zoimbira pakompyuta n'kuziika pafulashi, amayiwo azingonyamula sipika n'kumapita okha. Mwana wawo Mtendere, yemwe amagwira ntchito m'tauni, anawatumizira laputopu yakale.

Kunatsala kusankha pulogalamu. Yoyamba anawaikira bambo wina wokopera anthu nyimbo pa Nsaru. Inali ndi ng'oma, magitala, malipenga, mabatani ochuluka ngati nyerere, koma laputopu inkatentha n'kuzima nyimbo isanafike pakolasi. Yachiwiri inali yopepuka. Umangouza liwiro, kudina timabokosi, basi biti yayamba kuyenda mowongoka. A Simeon anaikonda, ndipo amayi aja atamva anaimba nthungululu.

Vuto linatulukira pa pulakatisi. Wotsogolera nyimbo m'kwayamo anali a Zelifa, akazi awo a Simeon omwewo. Mawu ali nawo, tisanamizane, koma mpweya unayamba kuchepa kalekale. Pamzere wautali amakoka, kupuma kaye, kenaka n'kugwera m'kolasi. Zaka zonsezi palibe anazindikira, chifukwa zala za amuna awo zinkawadikira. Makina alibe chisoni chimenecho. Biti inkapita, a Zelifa n'kutsalira, kwaya yonse n'kubalalika.

"Pepani abambo," anatero a Rosemary, atcheya a kwayayo, "kodi chinthu chanuchi sichingaphunzireko ulemu? Apo ayi titsogoze mnzathu Brenda. Uja mpweya akadali nawo."

A Simeon zinawawawa kwambiri. Anasakasaka mpaka anapeza pulogalamu yachitatu, yopanda timabokosi, yongojambula zimene munthu waimba ndi manja ake. Masana onse, fodya akudikira m'chigafa, ankakhala pakhonde, a Zelifa akuimba, iwo akutsata ndi kiyibodi. Zinatheka, anasangalala. Koma m'mawa mwake a Zelifa anapumira pena, tsiku linalo penanso. Mpweya wa dzulo si wa lero. Anajambula, kufufuta, kujambulanso, mpaka apaneba anailoweza nyimboyo mosafuna. Onse awiri anatopa, ndipo nthawi zina ankakalipirana popanda chifukwa chenicheni.

"Basi, ndizingopita nayo kiyibodiyo monga kale," anatero a Simeon tsiku lina, akutseka laputopu.

"Ndi msana uti?" anafunsa a Zelifa.

"Womwewu."

"Womwe ndimathowa m'mawa uliwonsewu, eti? Abambo a Mtendere, mwandidikira mokwanira. Bwezerani yowongoka ija. Brenda atsogolere."

A Simeon anayesa kukana, anayesa kulalata, koma akazi awo anali atanyamuka kale kukasenda mtedza. A Simeon anatsala okha pakhondepo, kenaka anatsegulanso pulogalamu yachiwiri ija. Ntchito yake sinavute n'komwe, ndipo zimenezo n'zimene zinawapsetsa mtima.

Lamulungu lotsatira anakhala kumbali ya azibambo, manja ali pamaondo, osadziwa chochita nawo. A Rosemary anadina batani. Biti inatuluka yoyera, Brenda anaikwera bwinobwino, mpingo wonse n'kuyamba kugwedera. Mkulu wa mpingo amene anayandikana naye anawagunda ndi chigongono.

"Achimwene, apa ndiye mwagwira ntchito!"

A Simeon anavomera ndi mutu, maso ali kumzere wam'mbuyo kumene a Zelifa anaima pakati pa anzawo. Nyimbo itafika pamzere wautali uja, anawaona akutseka pakamwa mwakachetechete kuti asasokoneze anzawo. Kwaya inadutsa osaphonya, ndipo palibe wina anatembenuka.