Mayi Veturia ndi Chitsime cha Bambo Anga

Munthu anyoze Mayi Veturia ine ndili pomwepo, malaya ndivula. Kafunseni anzanga ogulitsa mavwende pamsika, akuuzani kuti Mitru sanama.

Mayiwa ndi namwino wa m'mudzi mwathu kuno kuchigawo cha Oltenia, zaka makumi atatu tsopano. Afupi, njinga yakuda, chikwama chothetheka, pakamwa polasa. Kale ine sindinkafuna n'kuwaona komwe.

Bambo anga atamwalira ndinawakumbira chitsime pamphambano, monga timachitira, kuti wakumwapo aliyense aziwapempherera. Wansembe anadalitsa, ndinadzalapo mtanda. Chimbudzi changa ndi khola la nkhumba zinali chakumtunda pang'ono, koma ndani amaganiza zimenezo ali pachisoni?

Chilimwe chotsatira mwana wanga Dorinel, wa chaka chimodzi, atangosiya bere, anatentha thupi n'kuyamba kutsegula m'mimba. Apongozi anga a Safta anati ndi diso loipa, anthu anamuyamikira mopyola kutchalitchi. Mankhwala ake tonse timawadziwa: madzi oyamba kutungidwa m'mawa, kuzimitsiramo makala atatu, kum'mwetsa. Osaphitsa ayi, ati mphamvu imathawa. Masiku atatu tinam'mwetsa, mkaka wa m'botolo tikusungunulanso ndi madzi omwewo.

Tsiku lachinayi masana Mayi Veturia anatulukira osaitanidwa. Anatsina khungu la pamimba pa mwana, linangoima. Anakhudza paliwombo, pali polowa.

"Mitru, madzi mukutunga kuti?"

"Pachitsime cha bambo."

"Bambo ako anali munthu wabwino, koma ukuwapempherera ndi mikodzo ya nkhumba."

Ndinakuwa mpaka agalu a mudzi wonse anayankha. "Mayi inu, madzi odalitsidwa amenewo! Tulukani pakhomo panga!"

"Mawu akowo ukagulitsire mavwende, chitsiru iwe. Tamuona mwanayu, akulira opanda misozi. Ukachedwa ukumba dzenje lina, laling'ono."



Mayiwo anaphitsa okha madzi, nasungunuliramo ufa wa mchere ndi shuga wa m'kapaketi, n'kumam'dontheza ndi kasupuni. A Safta anayamba kung'ung'udza za makala awo.

"Agogo, makalawo zimitsani, mum'pake pachipumi mmene mungafunire," anatero Mayi Veturia. "Koma m'kamwamu ndi mwanga."

Ine anandithamangitsa kukapempha galimoto kwa mnansi amene ndinali nditam'tukwana dzulo lake. Ndinapepesa chipewa chili m'manja. Mayiwa anakwera nafe, mwana ali pamiyendo pawo, supuni osaisiya mpaka kuchipatala cha m'tauni. Kumeneko Dorinel anakhala masiku asanu akum'lowetsa madzi pamsempha. Adokotala anauza mkazi wanga kuti tikanachedwa tsiku limodzi lokha, mwana akanatisiya.

Ndikudikira, ndinagwetsa chimbudzi chija ndi manja angawa, khola ndinasamutsira kumunsi kwa munda. Madzi a mwana timaphitsa mpaka lero, a Safta omwe ndiwo amayang'anira ketulo.

Patatha milungu iwiri Mayi Veturia anabwera ndi sikelo. Anam'khazika Dorinel, iye akuwakoka magalasi n'kumaseka. Anayang'ana singano, analemba m'kabuku.

"Wanenepako. Uyu wachira, Mitru. Koma iwe, mankhwala ako sindinawapeze."