Jekete la a Felenando

Ndikakumbukira a Felenando, ndimamva fungo la mtovu wosungunuka pa makala ndi la malata otentha, ndipo m'makutu mwanga mumabwerera kulira kwa nyundo yawo, imene inkayamba kugunda mame asanaume n'kudzaleka dzuwa litabisala kuseri kwa phiri. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango umene unali m'malire mwa bwalo lathu ndi lawo ku Nkhulambe, chidutswa cha njanji chili pakati pa miyendo, akukhoma zidebe, mbaula ndi nyale za koloboyi. Kaya kutenthe bwanji, sankavula jekete lawo lakuda long'ambika m'zigongono, limene anawoloka nalo malire. Pambali pawo pankakhala mdzukulu wawo Lusiya, akusanja tizidutswa ta malata pa dothi, osatulutsa mawu.

Ndikulemba izi chifukwa ndakwiya. Mwezi wathawu, mu minibasi yochokera ku Phalombe Boma, bambo wina waimvi ngati ine ndemwe ankasimbira anyamata nkhani ya mkulu wopusa wa ku Mozambique amene anafunditsa kanema jekete chifukwa chokonda chidole. Minibasi yonse inaseka, kondakitala mpaka kumenya chitseko. Ine ndine munthu wosunga mapepala. M'sutikesi yanga muli khadi langa la ubatizo, malisiti a feteleza ndi makalata onse a mpingo kuyambira pamene anandisankha kukhala mkulu, ndipo munthu akanama pamsonkhano ndimapita kunyumba kukatenga pepala lomutsutsira. Koma za a Felenando ndilibe pepala ngakhale limodzi. Ndiye ndati ndilembe ndekha, kuti likhalepo.

Anabwera nthawi ya nkhondo ya kwawo, ine ndili ku pulayimale. Ambiri othawa ankapita kumisasa, koma iwo anapeza achibale a malemu akazi awo m'mudzi mwathu, amene anawapatsa kanyumba koyandikana ndi kathu. Ndi makolo athu ankacheza m'Chilomwe, ife ana ankatiyankhula Chichewa chokoka, chosankha mawu mmodzimmodzi ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala. Za makolo a Lusiya sankanena. Mayi anga ndiwo anadzandiuza ndili wamkulu kuti tsiku limene anthu a mfuti anafika kumudzi kwawo, mwanayo anabisala pansi pa nkhokwe ndipo anaona zonse. Kuchokera tsikulo sanayankhulenso. Sanali wogontha ayi, chifukwa mbale ikagwa ankadzidzimuka n'kuthamangira pansi pa nkhokwe yathu, ndipo ankatuluka madzulo ali fumbi lokhalokha. Nyundo ya agogo ake yokha ndiyo sinkamuopsa. Anamutengera kuchipatala, kumapemphero ndi kwa asing'anga, koma onse anamubweza momwemo.

"Pakamwa pake palibe chovuta," ankatero a Felenando. "Mawu ali momwemo. Akungoopa kutuluka."

Chaka china mnyamata wina dzina lake Bonifasi anabwera kuchokera ku Limbe ndi kanema, deki yolowetsamo matepi ndi jenereta, n'kutsegula vidiyo m'sitolo yakale pamsika. Mawindo anawatseka ndi masaka, ndipo mkati munkanunkha thukuta, petulo ndi makoko a nzimbe. Matepi ake anali a nkhonya ndi mfuti okhaokha, kupatula imodzi imene inangolowerera m'katoni, ya zidole zojambula. Amuna anaikana tsiku loyamba lomwelo. Choncho Bonifasi anaiika Lamulungu masana, anthu akachoka kutchalitchi, kuti ikhale ya amayi ndi ana.

Chizungu chake panalibe ankachimva bwino, koma nkhani yake aliyense ankaitsata. Panali mwana wamkazi wa mfumu amene anapita kumtsinje, ndipo pobwerera anapeza phiri litameza mzinda wonse wa bambo ake. Anatsala yekha ndi mbuzi yotsimphina. Ankayenda mozungulira phirilo akuimba nyimbo imodzi yomweyo, padzuwa ndi pamvula, mpaka thanthwe linang'ambika ndipo anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi.

Amayi a kwathu anamukonda mtsikanayo ngati wobala okha. Anamutcha Nambuzi. Ankadandaula ndi chiuno chake chonga cha mavu, amvekere mwana ameneyu sakudya, wina amupatseko makaka. Akamalowera njira yolakwika ankamuchenjeza mokweza ngati akumva. Mnyamata wokwera hatchi amene ankamufuna sanawasangalatse, chifukwa filimu yonse sanamuone atagwira khasu. Koma nyimbo ikayamba phokoso lonse linkatha, ngakhale makanda ankaleka kulira, ndipo thanthwe likamatseguka nthungululu zinkamveka mpaka kumsika wa nsomba. Tinakulira m'munsi mwa phiri limene akuluakulu ankati limasunga anthu, ndipo pamabenchi amenewo panali amayi ambiri amene abale awo anasowa kutsidya kwa malire. Ena ankalira poyera, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kubweranso Lamulungu lotsatira.

Mayi anga ndiwo anapempha kuti apite naye Lusiya kuvidiyoko. A Felenando anayamba akana, chifukwa podutsa pamsika ankamva kulira kwa mfuti kuchokera m'sitoloyo, koma mayi anawatsimikizira kuti mwa Nambuzi mulibe mfuti ngakhale imodzi. Mwanayo anaonera osaphethira. Mkati mwa sabata yomweyo, mayi akusenda nandolo pakhonde ndipo ine ndikutsuka mpando wa njinga ya bambo, tinamva kamawu kakang'ono kochokera pansi pa mango. Lusiya ankaimba nyimbo ya Nambuzi ndi mphuno, pakamwa ali chitsekere, maso ali pa tizidutswa take. Nyundo ya a Felenando inaima m'mwamba. Anatiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono kuti tisatembenuke, kenako anapitiriza kukhoma mofewa kwambiri, misozi ikutsikira m'ndevu.

Kuyambira pamenepo ankapita naye okha Lamulungu lililonse, mwamuna yekha pakati pa amayi, pabenchi yakutsogolo. Anyamata ankawaseka kuti madala agwa m'chikondi. Tsiku lina bambo anga anawafunsa mwanthabwala ngati akudziwa kuti mtsikanayo si munthu weniweni.

"Ndikudziwa kuti n'zojambula," anayankha. "Ndine mmisiri ine. Ndikuona kuti pali munthu amene anakhala pansi n'kupanga zimenezi. Koma munthuyo ankaidziwa ntchito yake."

Ine ndinkakhala kumbuyo kwawo, ndipo ndikuchitira umboni kuti kanemayo sankamuyang'ana kwenikweni. Ankayang'ana kukhosi kwa mdzukulu wawo. Patapita milungu, milomo ya Lusiya inayamba kugwedezeka limodzi ndi ya Nambuzi. Kenako anayamba kutsegula pakamwa, mawu a nyimbo akutuluka opanda tanthauzo, ngati a mwana wongophunzira kuyankhula. Mayi ankati mvula isanagwe mwanayu aitana agogo ake.

Ndiye kunamveka kuti Bonifasi akupita ku Limbe ndi matepi ake, ndipo ya Nambuzi akaifafaniza kuti aikemo filimu ina, popeza amuna ndiwo ankadzaza nyumba. A Felenando anasiya chidebe chili pakati n'kupita kumsika. Ife ana tinawatsatira. Anamupeza akupukuta jenereta, ndipo anavula chipewa pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo.

"Madala, filimu imeneyi anthu aiona mpaka aloweza," anatero Bonifasi akuseka. "Kapena mukufuna tikakufunsireni mbeta kwa mfumuyo?"

"Mwana wanga, usaifafanize. Denga lakoli likudontha pamwamba pa kanema pomwe. Ndikhoma. Chilichonse cha lata chimene ukufuna ndikupangira."

Bonifasi anavomera pamaso pathu. A Felenando anakhala padengapo masiku angapo dzuwa likuswa mtengo, akumata mabowo a misomali ndi mtovu, ndipo anamupangiranso fanulo yothirira petulo. Bonifasi anapita ku Limbe ndi katoni yonse n'kubwerako Loweruka. Iye anadzanena pambuyo pake kuti anawauza anthu a kumeneko kuti tepi imeneyo asaikhudze, koma anasokoneza. Ena amati ananama. Ine sindilemba chimene sindikuchidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti atabwera sanaiyese.

Lamulungu limenelo nyumba inadzaza. Amayi anamupempha kuti akweze mawu kuti nyimbo imveke bwino, iye anakweza mpaka kumapeto, analowetsa tepi n'kutuluka kupita kukacheza kumsika monga ankachitira, chifukwa Nambuzi anali atatopa naye. Zinayamba bwinobwino. Mtsinje unaoneka, mbuzi inatsimphina, mtsikana anayang'ana phiri n'kuyamba kuimba, amayi akumuthandiza. Lusiya anakweza mutu n'kutsegula pakamwa. Nyimbo ili pakati chithunzi chinanjenjemera, mizere inadutsa, ndipo pamalo pa Nambuzi panatulukira asilikali akuthamanga pakati pa nyumba zoyaka. Mfuti zinalira m'chipinda chotseka chija mpaka malata kunjenjemera.

Panalibe aliyense wodziwa pozimitsira. Bonifasi ankatiletsa ngakhale kuyandikira tebulo lake, ndipo amayi ankaopa kuti akagwira adzagwidwa ndi magetsi. A Felenando anaimirira, anavula jekete lija n'kuphimba nalo kanema. Aka kanali koyamba kuwaona opanda jekete, ndipo tinaona kuti mkono wawo wamanzere unali ndi chipsera cha moto kuyambira paphewa mpaka pachigongono. Chithunzi chinabisika koma mfuti sizinaleke. Iwo anakumbatira kanemayo ndi manja onse awiri, kumukanikiza pachifuwa ngati munthu wotseka pakamwa pa chilombo, akuyang'ana kumbuyo kufunafuna mwana. Anyamata amene anali pakhomo anafa nazo nseko, ena akukuwa kuti madala achoke aone nkhondo. Lusiya anali pansi pa benchi, manja ali m'makutu, atadzikodzera. Mayi anga anamukoka n'kumubereka ngati khanda, ndipo pamene Bonifasi ankafika akuthamanga, iwo anali atatuluka kale.

Amayi a m'mudzi sanangokhala. Patapita masiku anabwera pabwalo pathu ambiri ndithu, ena atabereka ana, n'kunena kuti tepi yapita koma nyimbo ili m'mitu mwawo, amuimbira okha. Anakhala pamphasa pafupi ndi mango. Anayamba atsutsana kaye za poyambira pake, chifukwa aliyense ankaikumbukira mwanjira yake, kenako mayi anga anaitsogolera ndipo onse analowa, mofewa, mokoma kuposa mmene inkamvekera m'sitolo muja. Lusiya atangomva mzere woyamba anataya tizidutswa take, anathamangira pansi pa nkhokwe n'kutseka makutu. Amayi anapitiriza pang'ono poganiza kuti atuluka. A Felenando anaika nyundo pansi.

"Lekani, amayi. Zikomo, koma lekani. Tsopano akudziwa chimene chimabwera pambuyo pa nyimboyo."

Amayi anapinda mphasa n'kumapita mmodzimmodzi, osatsanzika. Kuyambira tsikulo nyimbo ya Nambuzi sinaimbidwenso m'dera lathu, ngakhale kumtsinje. Bonifasi anabwera ndi paketi ya shuga kudzapepesa. A Felenando sanamukalipire. Anangomufunsa ngati denga likudonthabe, iye anati ayi, ndipo anamuuza kuti apite ndi shuga wakeyo. Mvula inagwa, nandolo anacha n'kukololedwa, nyundo inapitiriza kugunda, koma Lusiya sanaimbenso ngakhale ndi mphuno.

Nkhondo itatha anabwerera kwawo wapansi, chidutswa cha njanji chili paphewa, mwana ali pambuyo atasenza mtolo wa ziwiya. Anali atatalika kufika m'mapewa mwawo, koma chete chomwecho. Sitinamvenso za iwo. Ndafunsapo anthu ambiri ochita malonda a kutsidya, palibe amene anawadziwa.

Masiku ano adzukulu anga amaonera ana a mafumu oimba oterewa pafoni, atatu mitu pamodzi, ndipo amaimba nawo mpaka agogo awo aakazi kudandaula. Sindiwaletsa. Ndimakhala nawo, nthawi zina ndimakondwera nawo. Ndinawapempha kuti andipezere Nambuzi, koma akuti foni imafuna dzina lenileni la filimu, ndipo ine sindikulidziwa. Chimene amandiseka nacho n'chakuti chinthu chilichonse cholira chikalowa m'nyumba mwanga kapena m'tchalitchi, kaya wailesi, kaya foni, kaya zokuzira mawu, ndimayamba ndafunsa pozimitsira, ndipo sindikhala pansi mpaka atandionetsa.

Bambo wa mu minibasi uja ndinamulola kuti amalize kuseka. Kenako ndinamufunsa ngati tsikulo analipo, iye anati analipo, anaima pakhomo penipeni. Ndinamufunsa ngati akukumbukira dzina la mwana amene anali pansi pa benchi. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti sakukumbukira kuti panali mwana.

Panali mwana. Dzina lake anali Lusiya, ndipo anali atatsegula kale pakamwa.