Mayi Amene Tinkawatchula Apakati

Ambiri a inu mukuwakumbukira mayi amene ankakhala pabenchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo la tchalitchi chathu, atakumbatira chikwama chakuda. Tinkawatchula Apakati. Dzinali linayamba ngati chipongwe, koma iwo analilandira, ndipo ndi lomwe tawaika nalo m'manda mwezi wathawu.

Anali oyamba kubadwa mwa ana atatu, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima. Bambo awo anali kalipentala, mayi awo ankasoka zovala. Awiriwa ankatha mwezi wathunthu osayankhulana, ndipo mawu onse ankadzera mwa mwana wamkuluyo. Bambo ankati, "Kawauze amayi ako kuti malaya anga ang'ambika, ngati maso alibe." Mwanayo ankapita kuchipinda chinacho n'kunena kuti, "Amayi, malaya a ababa ang'ambika." Zamasozo ankazisiya pakhomo. Atakula ankatiuza kuti, "Sindinkanama ayi. Ndinkanyamula chimene munthu akufuna, minga n'kumaitaya panjira." Anzawo akusewera panja, iwo ankakhala m'nyumba kudikira kutumidwa. Kupemphera anaphunzira momwemo, poti munalibe wina wocheza naye.

Anakwatiwa ndi woyendetsa basi, munthu wanthabwala, amene ankati mkazi wake akhoza kukhazika mphaka ndi khoswe pamkeka umodzi. Banjalo silinakhalitse. Mwamunayo anamwalira pangozi, n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi. Ndi mmene analowera ntchito yochapa zovala pachipatala chachikulu, m'chipinda chapansi chodzaza nthunzi, mmene makina amabangula tsiku lonse mpaka anthu kumamvana ndi manja.

Nthawi imeneyo kudziko loyandikana nalo kunali nkhondo, ndipo ena mwa othawa kwawo analembedwa ntchito m'chipindamo. Antchito akale sanakondwe. Masana ankadya paokha, obwerawo paokha. Tsiku lina makina ositira mashiti oyala pabedi anakoka dzanja la mayi wina wa kuno n'kuphwanya zala zake. Amene anali pafupi ndi batani lozimitsira anali bambo wina wothawa nkhondo. Posakhalitsa nkhani inapsa: akuti anachedwa dala. Antchito akale anapangana kuti onse akanene zimenezo kwa akuluakulu, kuti obwerawo achotsedwe.

Apakati anali pomwepo ngoziyo ikuchitika, ndipo anamuona bamboyo akumenya batanilo ndi nkhonya, koma makina osazima. Batanilo linali litafa kalekale, ndipo aliyense ankadziwa. Mnzawo wapamtima, mayi amene anawaimira mwana paubatizo, anawakokera kuseri kwa madengu a zovala.

"Anzanga, musatichititse manyazi. Wavulalayu ndi wathu."

"Ndi wathu, eya," anayankha Apakati. "Koma tikawathamangitsa anthuwa, batani lija likhalabe lakufa. Mawa lidya dzanja lanu."

"Ndiye muli mbali iti?"

"Ndili pomwe ndinaima pamene zinkachitika."

"Khalani pakati pomwepo, Apakati. Muona ngati pakati pamafunda."

Panalidi pozizira. Obwerawo nawonso sanawakhulupirire, ankawayesa kazitape. Komabe akaweruka, Apakati ankakwera kuwodi kukamudyetsa wovulala uja, kenako n'kuyenda mpaka kumalekezero a mzinda, kumene bambo uja anali atamanga kale katundu. Ulendo woyamba mkazi wake anawatsekera chitseko. Ulendo wina anawasiya ataima panja. Potsiriza anawapatsa mpando. Apakati sananene zambiri, ankangomvetsera. Ankakonda kunena kuti, "Munthu wokwiya osamudula pakamwa. Pansi pa mkwiyo pamakhala mantha, dikira afike pamenepo." Ndipo anapeza kuti mayi wovulalayo ankaopa kuchotsedwa ntchito poti dzanja latha, pamene bamboyo ankaopa kubwezedwa kumene anaika ana ake awiri m'manda.

Anamupempha bamboyo kuti apite nawo kuwodi. Iye anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja.

"Mlongo, ndinamenya mpaka dzanja langa linatupa," anatero, n'kulionetsa.

Mayiyo analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndinakumvani mukukuwa. Khalani pansi, achimwene."

Mapeto ake mbali zonse ziwiri zinapita limodzi kwa akuluakulu. Makina anakonzedwa, wovulalayo anapatsidwa ntchito yosankha zovala, ndipo palibe amene anachotsedwa. Koma anthu sakhululukira msanga munthu amene anawaona ali pafupi kuchita choipa. Mbali ziwirizo zinayamba kudyera pamodzi, Apakati osaitanidwa. Ankadyera pamasitepe, mbale ili pamaondo. Mnzawo wapamtima uja sanawayankhulenso mpaka imfa yake, ngakhale ankapemphera m'tchalitchi chimodzimodzi chino. Apakati anapita kumaliro ake, anathandiza kutsuka mbale, n'kubwerera okha.

Si milandu yonse imene inawathera bwino. Mchimwene wawo ndi mng'ono wawo anakangana chifukwa cha nyumba ya makolo. Apakati anayenda pakati pawo kwa zaka zambiri, koma mchimweneyo anamwalira asanagwirane chanza ndi mlongo wake. Zimenezi zinawapweteka koposa zonse. Nditapita kukawapepesa, ndinawapeza akusita bulauzi yositasita kale. Anati, "Mulungu sanandilonjeze kuti ndizipambana. Anangondituma."

Mwana wawo anakwatiwa kutali, kutsidya kwa nyanja zazikulu, ndipo ankangomvana pafoni mwa apo ndi apo. Atapuma pantchito, Apakati anasamukira m'chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Munali bedi, tebulo, mipando itatu ndi mtanda pakhoma. Kumeneko ndi kumene ambirife tinawadziwira. Ankabwera okwatirana, oyandikana nyumba, amakanika ndi mabwana awo, ngakhale ife a kwaya pamene tinagawikana. Lamulo lawo linali limodzi: usanayankhe, uyambe wabwereza zimene mnzako wanena, mpaka iye avomere kuti wamumvadi. Ambiri ankagonja pomwepo, poti n'kovuta kubwereza kulira kwa munthu uli wokwiyabe.

Tinkapita kwa iwo zikativuta, zikatha n'kuiwala njira. Tsiku lina ndinawafunsa ngati sasungulumwa. Anaseka pang'ono.

"Amabwera awiri atatupa, amachoka awiri akuseka. Ine ndimatsala ndi makapu otsuka."

"Ndiye sizikuwawani, mayi?"

"Zimawawa, mwanawe. Koma ndikamatsuka ndimawapempherera, ndiye m'nyumba mumakhala ngati muli anthu."

Chaka chino mtima wawo unafooka. Tsiku lawo lomaliza abambo mfumu anawadzoza mafuta m'mawa. Masana kunabwera wowotcherera zitsulo ndi wometa tsitsi, oyandikana mashopu, amene ankakangana za ngalande ya madzi oipa. Sankadziwa kuti mayiwo adwala chomwecho. Atawaona ali chigonere anafuna kubwerera, koma Apakati anawakodola.

"Khalani, ana anga. Mphamvu zoyankhula ndilibe, koma makutu alipo. Muyankhule motsitsa mawu."

Amuna awiriwo, amene m'mawa womwewo ankatukwanizana pamsewu, anakhala pafupi n'kumanong'onezana kuopa kusokoneza wodwala. Ndipo munthu sangatukwane bwino monong'ona. Anamvana kuti ngalandeyo akumba limodzi Loweruka. Atatembenuka kuti awauze, anapeza mayiwo atatseka maso, manja ali pachifuwa, atapita mwakachetechete.

Mwana wawo sanathe kufika pamaliro. Bokosi linanyamulidwa ndi anthu amene kale sankapatsana moni, ndipo ambiri a ife tinadziwira kumanda komweko kuti tonse tinakhalapo pamipando ija. Ambuye anati odala ali akuchita mtendere. Sanati adzakhala ndi anzawo ambiri, anati adzatchedwa ana a Mulungu. Atate akumwamba awalandire Apakati, mwana wawo, m'nyumba yodzaza anthu. Ndipo ife otsala, ngati pali wina amene anatiyanjanitsapo ndi m'bale wathu, tipite tikamuone sabata ino, popanda mlandu uliwonse.